Chikomekome cha Mkuyu: Zimene Tingaphunzire pa Zotsatsa Malonda za M'magazini Akale



M'nyumba zambiri kuno ku Bvumbwe muli sutikesi kapena bokosi la chitsulo limene silitsegulidwa kawirikawiri. Pansi pake, pamodzi ndi makadi a kusikelo ndi malisiti akale, mumapezeka mapepala ofiira ndi ukalamba: Moni wothothoka chikuto, tsamba la Malawi News lokutira chithunzi, kapena Drum amene agogo anabwera naye kuchokera ku Joni. Ambiri tikawapeza timathamangira nkhani ndi zithunzi za atsogoleri, masamba a malonda n'kungowadumpha. Lero tikufuna tiime pa masamba odumphidwawo.

Chifukwa chake n'chakuti chotsatsa malonda chimagulitsa zinthu ziwiri. Choyamba ndi katundu weniweniyo: sopo, njinga, tiyi. Chachiwiri ndi chithunzi cha munthu amene akuti mudzakhala mukagula katunduyo. Pa zotsatsa za masiku ano chachiwirichi n'chovuta kuchiona, pakuti nyambo yake anaikonzera ife. Pa zakale mbedza imaonekera poyera, chifukwa nyamboyo inasuluka kalekale. Wophunzira amene wazolowera kuona mbedza pa tsamba la 1965 sadzavutika kuizindikira pa foni yake.

Mapepalawa ankachokera kuti?

Wayilesi ya MBC inayamba mu 1964, ndipo wayilesi ya kanema ya dziko lino inadikira mpaka 1999. Choncho kwa zaka zambiri, munthu wofuna kuona katundu watsopano ndi maso ake ankamuona pa shelefu ya sitolo kapena pa pepala. Malawi News inayamba mu 1959. Magazini ya Moni inayamba kusindikizidwa ku Limbe mu 1964 ndi amishoni a Chikatolika a Montfort, m'Chichewa ndi m'Chingerezi, ndipo inkawerengedwa ndi anthu a zipembedzo zonse. Kuchokera kunja kunkabwera Drum, imene inayamba ku South Africa mu 1951, ndi Parade ya ku Salisbury, mzinda umene lero ndi Harare. Amene ankabweretsa zambiri mwa izi ndi makolo athu opita ku migodi kudzera ku Wenela, ndi ena ogwira ntchito m'mafamu ndi m'matauni a ku Rhodesia. Magazini imodzi inkazungulira mudzi wonse, ndipo ikatha mphamvu masamba ake ankamatidwa pa khoma ngati chokongoletsa.

Panalinso katalogi, buku lodzaza zithunzi za katundu, chilichonse chili ndi nambala ndi mtengo wake. Munthu ankasankha, n'kulemba kalata, kutumiza ndalama kudzera ku positi ofesi, kenako n'kudikira phukusi kwa milungu kapena miyezi. Ku America kampani ya Montgomery Ward inayamba malonda otere mu 1872, ndipo makampani a ku England monga Oxendale ya ku Manchester ankatumiza makatalogi awo m'maiko ambiri a mu Africa. Kalaliki, mphunzitsi kapena kapitawo wa pa esiteti ankatha kuitanitsa jekete kapena nsapato za ku Ulaya asanafikepo ndi ku Beira komwe. Ophunzira amene mumaona anthu akuoda katundu pa WhatsApp, dziwani kuti njira imeneyi inayamba agogo anu asanabadwe. Chasintha ndi liwiro basi.

Zimene tsamba lakale limaulula mosafuna

Wolemba chotsatsa sankaganiza zolemba mbiri, komabe anailemba. Onani mtengo poyamba. Ngati walembedwa m'mapaundi, mashileni ndi mapeni, tsambalo ndi lakale kuposa 1971, chaka chimene kwacha ndi tambala zinalowa m'malo mwa ndalama zachingerezi. Paundi imodzi inasanduka K2, ndipo shileni inasanduka 10 tambala. Funsani agogo za tiki ndi susu, akuuzani zimene ndalamazo zinkagula. Onaninso miyeso: nsalu pa yadi, shuga pa paundi, palafini pa galoni.

Kenako onani katundu amene ankapatsidwa malo aakulu. Njinga za Humber ndi Raleigh, makina osokera a Singer, nyali ya galasi, pulayimasi, nsapato za Bata, machesi a Leopard, nsalu za ku David Whitehead, wayilesi za Nzeru zimene zinkalumikizidwa ku Blantyre. Wayilesi yoyamba imene anthu wamba ambiri m'chigawo chino anaikwanitsa inatuluka mu 1949. Inapangidwa ndi kampani ya Ever Ready, inkagulitsidwa mapaundi 5, ndipo ankaitcha Saucepan Special chifukwa thupi lake linali ngati sefuliya. Pa wayilesi imeneyo anthu ankamvera Chinyanja kuchokera ku Lusaka. Maina a masitolo nawo ali ndi mbiri. Mandala, mwachitsanzo, inali sitolo ya African Lakes, kampani imene inayamba mu 1878, ndipo dzinali linachokera ku magalasi a m'maso a John Moir, mmodzi wa oyang'anira ake oyamba.

Zinthu zambiri mwa izi zinali zothandizadi. Njinga inafupikitsa ulendo wa ku Limbe. Makina a Singer analera mabanja ambiri a Chisilamu, pakuti utelala wa pakhonde la sitolo unali ntchito ya abambo athu ochuluka. Chotsatsa chimene chinauza munthu kuti makinawo alipo, mtengo wake ndi wakuti, ndipo amapezeka kwakuti, chinamuchitira zabwino. Ngakhale m'zaka zaposachedwa, zotsatsa ndi zimene zinafalitsa masikito a Chitetezo ndi Thanzi ORS mpaka kumidzi. Kutsatsa malonda pakokha kulibe vuto. Vuto limayamba pamene wotsatsa wasiya kufotokoza katundu n'kuyamba kufotokoza zimene akuti zikuperewera pa inu.

Sopo ndi mafuta: kugulitsa manyazi

Sopo ndi chitsanzo chabwino. Kampani ya Lever Brothers inayamba kugulitsa Sunlight ku England mu 1884, ndipo Lifebuoy anatsatira m'zaka za m'ma 1890. M'magazini a kuno kum'mwera kwa Africa, Lifebuoy ankamuonetsa ndi mwamuna wamphamvu wochokera ku ntchito kapena ku mpira, pamene Lux ankamuonetsa ndi mkazi wosalala khungu, wooneka ngati wa m'mafilimu. Katswiri wa mbiri Timothy Burke analemba buku lonse pa nkhaniyi mu 1996, lotchedwa Lifebuoy Men, Lux Women, pofufuza za ku Zimbabwe. Iye anasonyeza kuti zotsatsazi zinakwera pa msana wa chiphunzitso cha atsamunda chakuti munthu wakuda sadziwa ukhondo kufikira ataphunzitsidwa.

Ife Asilamu tiyenera kukhala oyamba kuona bodza limeneli. Twahara ndi phunziro loyamba m'mabuku a fiqh. Makolo athu ankachita wudhu asanaswali, ankasamba ghusl, ankatsuka mano, sitolo ya sopo isanamangidwe m'dera lino. Liwu lenilenilo lakuti mswachi ndi lapachibale ndi mswaki wa m'Chiswahili, amene anachokera ku miswak ya m'Chiarabu. Sopo ndi wabwino, tiyeni tizimugula. Koma amene anatiphunzitsa kusamba si iye.

Zowawa kwambiri ndi zotsatsa za mafuta oyeretsa khungu. M'zaka za m'ma 1960 ndi 1970, magazini ngati Drum ankadzaza ndi mafuta monga Ambi. Kalembedwe kake kanali kofanana: nkhope yakuda yokhumudwa mbali ino, nkhope yoyererako yosangalala mbali inayo, yapeza ntchito ya mu ofesi kapena banja. Mafuta ambiri a mtundu umenewu anali ndi mankhwala otchedwa hydroquinone, ndipo ena anali ndi mercury, amene ndi poizoni wa impso ndi mitsempha. Madokotala a ku South Africa anayamba kuona amayi amene masaya awo anada bii ndi kukhakhala, matenda ovuta kuchiza otchedwa ochronosis. Achipatala ndi omenyera ufulu wa anthu akuda analimbana nazo kufikira boma la dzikolo linaletsa hydroquinone m'zodzoladzola mu 1990.

Onani mmene msamphawu unkagwirira. Chotsatsa chinkayamba ndi kupanga bala mu mtima wa mtsikana, kumuuza kuti khungu lake ndi limene likumutsekera mwayi. Kenako chinkamugulitsa mankhwala a bala limene chapanga chokha. Qur'an, mu Surat Ar-Rum, imatchula kusiyana kwa zilankhulo ndi kwa maonekedwe a khungu pakati pa zizindikiro za Allah, ndipo Surat Al-Hujurat imaika ulemerero wa munthu pa kuopa Allah. Mtumiki Muhammad, madalitso ndi mtendere zikhale pa iye, anakana poyera pa Hajj yake yomaliza kuti khungu lingakweze munthu pamwamba pa mnzake. Mafuta a mtunduwu akugulitsidwabe m'misika yathu, m'timabotolo tina topanda ndi dzina lomwe la wopanga. Ana athu aakazi, ndi anyamata omwe, amene akukuuzani kuti muyere akufuna ndalama yanu, ndipo khungu likadzaonongeka simudzamupeza.

Mwana wonenepa wa pa chitini

Chitsanzo china ndi mkaka wa ana wa m'chitini. Zotsatsa zake zinkaonetsa khanda lonenepa, loseka, ndi mayi wovala bwino atagwira botolo, ngati kuti kuyamwitsa ndi kwa anthu otsalira. Zimene chithunzicho sichinkanena ndi izi: mkakawo umafuna madzi owiritsa, botolo lophikidwa, ndi ndalama zogulira chitini china chikatha. M'nyumba yotunga madzi pachitsime, mayi wosauka ankachepetsa ufa kuti chitini chikhalitse. Zotsatira zake zinali kutsegula m'mimba, kunyentchera ndi maliro. Mu 1974 bungwe la War on Want la ku Britain linatulutsa lipoti lodzudzula malonda amenewa, ndipo mu 1981 bungwe la zaumoyo la dziko lonse, WHO, linakhazikitsa malamulo oletsa kutsatsa mkakawu kwa anthu wamba.

Mkaka wa m'chitini uli ndi malo ake, monga kwa mwana wamasiye kapena pamene achipatala alangiza. Chotsatsacho mwina sichinanene bodza ndi limodzi lomwe. Chinangosiya kunena zimene mayi anayenera kudziwa. Surat Al-Baqarah imatchula zaka ziwiri zathunthu kwa ofuna kukwaniritsa kuyamwitsa, ndipo lero achipatala amalangiza zofanana nazo. Phunziro lake n'lakuti munthu angathe kunyengedwa ndi mawu oona okhaokha, ngati mawu ofunika kwambiri abisidwa.

Tiyi wathu pa chithunzi cha eni

Kwa ife a ku Thyolo pali mbali ina. Nthawi zambiri tinali ogula, koma pa tiyi ndife olima. Tiyi anayamba kulimidwa ngati malonda ku Mulanje m'zaka za m'ma 1890, kenako anafika kuno ku Thyolo. Satemwa inayamba mu 1923, ndipo kampani ya J. Lyons ya ku London, yotchuka ndi tiyi ku England, inali ndi esiteti ya Lujeri ku Mulanje. Pakati pa 1926 ndi 1933, boma la Britain linali ndi bungwe la Empire Marketing Board, limene linkasindikiza zithunzi zikuluzikulu zolimbikitsa Angerezi kugula katundu wa m'maiko amene ankawalamulira, kuphatikizapo fodya wa ku Nyasaland.

Chotsatsa cha tiyi cha nthawi imeneyo chinkaonetsa kapu yofuka nthunzi pa tebulo loyala nsalu yoyera. Chikaonetsa munda, unali wobiriwira bwino, othyola ali patali, osatopa, osanyowa ndi mame. Simukanapezamo liwu lakuti thangata, dongosolo limene linkakakamiza anthu okhala pa malo a maesiteti kulipira lendi ndi thukuta lawo. Simukanapezamonso malipiro a tsiku. Mpaka lero tiyi wathu wambiri amadutsa pa okushoni ya ku Limbe kapena kugulitsidwa mwachindunji kunja, kumene amakasakanizidwa ndi wa maiko ena, ndipo dzina la Thyolo silioneka pa paketi. Ophunzira amene makolo anu amalawirira ndi dengu kumsana, mukudziwa zimene chithunzi chimasiya kunja. Muzikumbukira zimenezo mukaona chotsatsa cha foni, cha nsapato kapena cha chokoleti. Kuseri kwake kulinso manja a wina.

Muyeso umene Chisilamu chinatipatsa

Chisilamu sichidana ndi malonda. Mtumiki, madalitso ndi mtendere zikhale pa iye, anali wamalonda, ndipo mayi wathu Khadija, Allah asangalale naye, anali mwini mpamba. Chimene shariah inachita ndi kuika malire, ndipo malirewo akukwanira bwino pa chotsatsa chilichonse.

Loyamba ndi la ghish, chinyengo. Mu Sahih Muslim muli nkhani ya Mtumiki akudutsa pa msika. Anapisa dzanja mu mulu wa chakudya chogulitsa napeza kuti m'kati ndi monyowa pamene pamwamba ndi pouma. Wogulitsa anati inali mvula. Mtumiki anamufunsa chifukwa chimene sanaike chonyowacho pamwamba kuti anthu achione, ndipo anadzipatula kwa aliyense wochita chinyengo. Chotsatsa chobisa chilema ndi mulu womwewo, wangojambulidwa pa pepala.

Lachiwiri ndi la gharar, kugulitsa chinthu chosadziwika bwino. Ma ulama ambiri amalola kugula katundu amene simunamuone ngati wafotokozedwa mokwanira, ndipo wogula ali ndi ufulu womubweza akapezeka wosiyana ndi mafotokozedwewo. Lamulo limeneli linkakhudza katalogi ya ku Manchester, ndipo likukhudza diresi ya pa Facebook.

Lachitatu ndi la najsh, kukweza mtengo kapena kutamanda katundu mwachiphamaso kuti wina akopeke. Munthu wolipidwa kuti ayamikire mankhwala amene sanamwepo ali pafupi kwambiri ndi tchimo limeneli. Palinso chenjezo la kulumbira pa malonda: katundu amayenda, koma baraka imachoka. Ndipo Surat Al-Mutaffifin inatsegulidwa ndi chilango cha ochepetsa muyeso.

Malire ena ndi a wogula. Surat Al-A'raf imatiloleza kudya ndi kumwa, n'kutiletsa israf, kupyola muyeso. Mtima wokhutira ndi zimene Allah wapereka, umene timautcha qana'a, ndi umene otsatsa amalimbana nawo kwambiri, chifukwa munthu wokhutira sagula msanga.

Tisaiwale ngongole. Kampani ya Singer ndi imodzi mwa zoyamba kugulitsa katundu polipira pang'onopang'ono, kuyambira mu 1856, ndipo zotsatsa zambiri zakale zinkalemba ndalama ya pamwezi m'zilembo zazikulu, mtengo wonse m'zilembo za nyerere. Ma ulama ambiri amalola kugula polipira pang'onopang'ono, ngakhale mtengo utakwererapo, malinga wagwirizanidwa kamodzi pachiyambi ndipo sukukula munthu akachedwa. Ngongole imene imabereka ndi nthawi ndi riba, kaya ikuchokera kwa wakatapila wa m'mudzi kaya mu uthenga wa pa foni wolonjeza ndalama pompopompo.

Nafenso ndife otsatsa

N'zosavuta kuloza chala makampani a kunja. Koma msika wa Bvumbwe umadyetsa Limbe ndi Blantyre, ndipo ambiri a ife timagulitsa pamenepo kapena m'mbali mwa msewu. Mulu wa tomato ndi chotsatsa. Thumba la mbatata limene zazikulu zili kukamwa ndi chotsatsa. Chigubu cha mkaka, ndowa yophwanyika pansi, chikwangwani cha pa butchala cholembedwa kuti halaal, zonsezi zikulonjeza wogula kanthu kena. Hadith ya mulu wonyowa inanenedwa pa msika ngati wathu womwewu. Tikupempha akuluakulu a komiti kuti nkhani ya chilungamo pa malonda izimveka kawirikawiri pa Jumu'ah. Liwu lakuti halaal pa khomo la sitolo liyenera kutsimikizira nyama ndi sikelo yomwe.

Malamulo a dziko nawonso ali kumbali ya wogula. Malawi Bureau of Standards, imene inakhazikitsidwa mu 1972, imayang'anira ubwino wa katundu ndi miyeso. Lamulo loteteza ogula linakhazikitsidwa mu 2003, ndipo bungwe la Competition and Fair Trading Commission limalandira madandaulo a zotsatsa zonamiza anthu. Kudandaula pamene mwanyengedwa ndi njira imodzi yotetezera m'bale amene akubwera pambuyo panu.

Mafunso asanu a wophunzira

Mukakumana ndi chotsatsa, chakale kapena chatsopano, chifunseni izi:

1. Walipira ndani kuti ndione zimenezi, ndipo apindula chiyani ndikakhulupirira?
2. Chikunena chiyani za katunduyo chimene ndingathe kuyeza, monga kulemera, mtengo wonse ndi zimene zili m'kati?
3. Chikunena chiyani za ine? Chikufuna ndichite manyazi ndi chiyani?
4. Chasiya kunena chiyani?
5. Ndisanachione, kodi chinthuchi ndinkachisowa?

Yesani mafunsowa pa tsamba la Drum poyamba, pamene mayankho ali poyera. Kenako muwayese pa uthenga umene walowa pa foni ya kunyumba sabata ino. Akuluakulu anati chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Sanatiletse kudya nkhuyu. Anatiphunzitsa kuing'amba tisanaiponye m'kamwa.

Pomaliza, tikupempha makolo amene muli ndi magazini, makatalogi, makalendala a masitolo kapena mapaketi akale kuti mutibwereke. Tidzawajambula ndi kuwabweza ali bwinobwino, kuti tiziwagwiritsa ntchito m'kalasi. Ophunzira, musangonyamula pepalalo n'kuthamanga. Khalani pansi ndi agogo, muwafunse kuti chinthucho chinkagulidwa zingati, anachisungira ndalama miyezi ingati, ndiponso ngati chinachitadi zimene chinalonjeza. Mayankho awo muwalembe, chifukwa ndi mbali imene wotsatsa sanasindikize.

Tikupempha Allah atipatse rizq la halaal, atidalitsire malonda athu, ndipo atiteteze ku kunyenga ndi kunyengedwa. Ameen.